Zikuto za makaseti zimene ndinazipeza ku Balaka

Tchuthi chapitachi ndinakwera minibasi kuchoka ku Ntcheu, kumene ndimaphunzitsa, kupita ku Balaka kukaona malume anga. Titakhota pa Chingeni kutentha kunayamba kumveka, milambe ili mbuu m'mbali mwa msewu. Nditatsika pa depoti, wakabaza ananditenga mpaka pa okala ya malume, kufupi ndi njanji.

Amene tinakula tikumvera wailesi m'zaka za m'ma 1990 timadziwa kuti Balaka si tauni wamba pa nkhani ya nyimbo. Kumeneku n'kwawo kwa Alleluya Band, imene inayamba mu 1978. N'kwawonso kwa Paul Banda ndi mng'ono wake Lucius, amene tinamutaya mu 2024. Oimba ambiri ankajambulira ku situdiyo ya Imbirani Yahwe, mpaka kaimbidwe kawo kanatenga dzina la tauniyi. Masiku amenewo malume ankagulitsa makaseti pa benchi, ndipo ankakapikula kwa O.G. Issa ku Limbe.

Lero mu okala yawo muli sopo, shuga ndi mchere basi. Koma pakhoma, kuseri kwa sikelo, anamatapo zikuto za makaseti zoposa makumi awiri. Ndinayandikira kuti ndiwerenge, koma sindinaphulepo kanthu. Dzuwa lolowera pakhomo linafufutitsa nkhope zonse, zina n'kungotsala zobiriwira. Zimene anamata ndi phala mphemvu zinazidya m'mbali, ndipo zimene anamata ndi selotepi zinali ndi madontho achikasu.

"Malume, zatsala zomwezi?" ndinafunsa.

"Aphunzitsi, musanyoze," anatero akuseka. "Chuma chenicheni chili kunsi kwa bedi."

Madzulo anatulutsa katoni yaikulu. Titainyamula, pansi pake panatsalira pasimenti, chiswe chili yakaliyakali. Malume anangoti kukamwa yasa. Zikuto zapansi zinali zitasanduka dothi. Makaseti enieniwo sanawadandaule kwenikweni, poti wailesi yoimbira inafa kalekale ndipo nyimbo zambiri ali nazo mu foni. Chinawapweteka ndi mapepalawo.

Poyamba inenso ndinkaona ngati ndi zinyalala. Koma titayala zopulumukazo pamphasa, ndinayamba kuwerenga. Chikuto cha kaseti chimapindidwa patatu: kutsogolo chithunzi, pamsana dzina la woimba ndi la chimbale, kumbuyo nyimbo za mbali A ndi mbali B. Ukachitambasula, zambiri zimatchula situdiyo, wojambula mawu, woimba gitala, wa ng'oma ndi othandizira kuimba. Zina zinali ndi kachizindikiro ka COSOMA, bungwe loteteza luso limene linakhazikitsidwa mu 1992, kosonyeza kuti kasetiyo si yakuba. Panali Son of a Poor Man, chimbale choyamba cha Lucius Banda, komanso Kuimba 2 ya malemu Evison Matafale wa ku Chileka, amene anamwalira mu 2001.

Apa ndinakumbukira ana anga a sukulu. Iwo amapita pa tiledingi senta, mnyamata wa kompyuta n'kuwathirira nyimbo mazanamazana mu memori khadi. Nyimbo imafika yokha ngati mwana wotola: palibe chaka, palibe situdiyo, nthawi zina ngakhale dzina la woimba limakhala lolakwika. Woimba gitala amene sanatchukepo, dzina lake linalembedwa malo amodzi okha, pakapepala kamene chiswe chikudya.

M'mawa mwake tinagwira ntchito. Zikuto zonse tinazikuntha fumbi ndi kansalu kouma, ndipo za chinyontho tinaziumitsa pamthunzi, osati padzuwa. Timabuku ta ma CD tinatichotsa timawaya ta pakati chifukwa tinayamba dzimbiri ndipo timadetsa pepala. Ndinagula mafayilo awiri a timatumba ta pulasitiki, aja timasungiramo masatifiketi, n'kuikamo zikuto motsatira dzina la woimba, popanda guluu kapena selotepi. Malume ankafuna tikazimatitse pulasitiki ndi makina, koma ndinawaletsa: makinawo amatentha, ndipo pepala likalowamo silitulukanso. Mafayilowo tinawaika mu thiranki yachitsulo, pamwamba pa njerwa, kutali ndi khoma.

Nanga pakhoma la okala? Malume sakanalola kuti pakhale pambalambanda, poti makasitomala achikulire amaima pamenepo n'kuyamba kukumbutsana za kale. Tinasankha zikuto khumi, ndinakazichititsa fotokope ya makaka mu tauni, ndipo kalipentala anatikhomera felemu ya galasi. Fotokope ikafufuta tidzapanga ina, koma chenichenicho chili mumdima, chosungika. Chikuto chilichonse ndinachijambulanso ndi foni mbali zonse ziwiri.

Pobwerera malume anandiperekeza pa depoti, n'kundipatsa zikuto zitatu zimene anali nazo ziwiriziwiri. "Mukawaonetse ana anuwo," anatero. Sukulu itatsegulira ndinazitengera m'kalasi la Fomu 3 pophunzira za magwero a mbiri. Mtsikana wina anachitembenuza kangapo, kenako anati agogo ake ali ndi zambiri zotere m'chikwama chakale. Ndinamuuza kuti akafika kunyumba, asanavule ndi yunifolomu yomwe, akachotse chikwamacho pansi. Nanunso owerenga, mvula isanayambe, kasuzumireni kunsi kwa bedi.