Moyo wonse wa ndani?

Mvula yoyamba ikagwa kuno ku Kafue, anthu ena amathamangira kumunda. Ife timathamangira mabeseni. Chaka chatha tinatchera ziwiya 7 m'nyumba ya amayi ku Estates, kuphatikizapo poto wophikira nsima, ndipo usiku umenewo tinagwirizana kuti dzinja lina lisatipeze ndi mtenje umenewu.

Nyumbayi ili ndi mitenje iwiri. Wakutsogolo ndi wa asibesitosi, ndipo atate anaupeza ulipo kale pamene analowamo mu 1974 akugwira ntchito ku Nitrogen. Boma la a Chiluba litayamba kugulitsa nyumba kwa okhalamo mu 1996, nafenso tinagula yathu, ndi mtenje womwewo. Palibe anatipatsa pepala lililonse lonena zaka zimene udzakhale, koma wapirira mainza oposa 50. Wada, wamera ndere, wang'aluka malo awiri. Mtenje wakumbuyo ndi wa zipinda ziwiri zimene tinawonjezera mu 2012, wa malata opaka utoto wobiriwira, ndipo wogulitsa anatilumbirira galanti ya zaka 15. Pa ziwiya 7 zija, zisanu zinali pansi pa malata a galanti.

Pofika 2019 utoto unali utasuluka, dzimbiri litazungulira msomali uliwonse. Tinafunafuna lisiti, n'kulipeza m'Baibulo la amayi. Inki inali itafufutika, kungotsala maziro a mamiliyoni a kwacha yakale ija, isanadulidwe mu 2013. Tinapita nalo chonchobe. Pamene panali shopu ya malata tinapeza akugulitsa mafoni, ndipo mnyamata wa m'menemo anatiyang'ana ngati tikufunsa za maliro a kalekale. A kalipentala athu, mdala wa ku Zambia Compound amene wakhoma mitenje theka la Shikoswe, anangopinda m'mphepete mwa lata ndi zala ziwiri n'kupukusa mutu. "Anakuuzani kuti ndi 0.4? Ili silifika ndi 0.3 yomwe."

Nkhani itafika pa gulu lathu la WhatsApp, akulu athu amene amakhala ku Dallas anabwera ndi nzeru. Kumeneko nyumba zambiri amafolera ndi ma shingle, timapepala tolimba ta phula tothiridwa timiyala pamwamba, tosanjikizana ngati mamba a nsomba. Anatumiza zithunzi, ndipo tisaname, zinali zokongola. Mvula siisokosa pamenepo, munthu amamva wailesi bwinobwino. Iwo anati apeza a mtundu wapamwamba, ochindikala, okhala ndi galanti ya moyo wonse, ndipo ndalama zotumizira alipira okha. "Ndatopa kumva kuti amayi akugona ndi ambulela," analemba tero. Tinadziwa kuti akulankhula ndi chisoni cha munthu amene wakhala zaka zambiri osabwera kumudzi.

Mdzukulu wamkulu wa amayi, amene ali giredi 12, ndiye anatiwerengera pepala la galantiyo, mpaka timalemba ting'onoting'ono tam'munsi. Moyo wonse umene akunenawo si wa mtenje, ndi nthawi imene mwininyumba woyamba akhale ali mwini wake. Zaka 10 zoyambirira ndi zimene kampani imalipira mokwanira. Zikatha, ndalama imayamba kuchepa chaka ndi chaka. Ndipo amalipira pokhapokha cholakwa chili cha kufakitale. Wokhoma akaphonya mzere wa misomali, si mlandu wawo. Mpweya ukapanda kuyenda bwino pansi pa mtenje, si mlandu wawo. Matalala, mphepo yopitirira muyezo umene analemba, zonsezo n'zako. Nyumba ikasintha mwini, galanti imasamuka kamodzi kokha, ndiponso uyenera kuwadziwitsa m'nthawi yake.

Amayi anamvetsera zonse ali chete, akusenda nyemba. Kenako anafunsa: "Moyo wonse wa ndani, ana anga? Dzina la pa pepala la nyumba ndi langa. Ndili ndi zaka 76. Ndiye akuti andifolerere mpaka liti?"

Tinaseka, koma kuseka kwake kunali kwaufupi. Tonse tikudziwa kuti nyumbayi amayi akuisungira ana atatu a malemu mlongo wathu, ndipo wamng'ono ali giredi 4. Mtenje umene tikufuna ndi woti mwana ameneyo adzamalize sukulu ali pansi pake, kaya agogo ake alipo kaya palibe.

Tisawanamizire ma shingle. Kwawoko, akakhomedwa bwino, amakhala zaka 20 mpaka 30, ndipo zimenezo si zochepa. Koma mdani wa phula ndi dzuwa: limauma, timiyala timayoyoka, m'mphepete mumapindika. Amene anayendapo pa msewu wa Great North mu Okutobala masana akudziwa zimene dzuwa la kuno limachita ndi phula. Ndiponso sakhomedwa pa mapulanga otalikirana monga malata. Amafuna kuti mtenje wonse uyalidwe matabwa kaye, kenako nsalu yotchinga madzi, ndipo matabwa ochuluka chotero kuno ndi phwando la chiswe ngati sanathiridwe mankhwala. A kalipentala anavomera okha kuti sanakhomepo n'kamodzi komwe. Ndiye tsiku loyamba lomwelo galanti ikanakhala itafa, pakuti cholakwa chilichonse chikanakhala cha wokhoma. Mdzukulu uja anapezanso mzere wonena kuti pepalalo ndi la nyumba za ku America ndi Canada. Akulu athu atauwona sanayankhe masiku atatu.

Tinagula malata a IBR a 0.5. Ulendo uno tinapita ndi a kalipentala ku Lusaka, makilomita 45 pa minibasi, kuti akawagwire ndi manja awo tisanalipire. Tinaumirira kuti kuchindikala kwake kulembedwe pa lisiti, chifukwa ngakhale ku CCPC, kumene ogula amakadandaula, ukapita chimanjamanja umangokhala munthu wokamba nthano. Lisitilo talijambula, aliyense ali nalo mu foni, ndipo lenilenilo labwerera m'Baibulo. M'malo mwa misomali tinagula masikuluwu okhala ndi kamphira. Mdalayo akuti madzi ambiri salowera pa lata koma pa bowo, ndipo anatiletsa kudula malata ndi galainda chifukwa tizitsulo totentha timapsereza utoto, dzimbiri n'kuyambira pomwepo.

Titamufunsa galanti yake, anavula chipewa n'kutembenukira kwa amayi. "Amayi, pepala ndilibe. Koma kumene ndimapemphera mukukudziwa. Ukadontha, mudzandinyazitse pamaso pa mpingo." Iyenso ali ndi zaka zoposa 60, koma mwana wake ndiye anali pamwamba ndi dililo, iye akuloza ali pansi.

Ndalama zinangokwanira zipinda zakumbuyo. Akulu athu anatumiza theka, osanena zambiri. Asibesitosi wakutsogolo tangomata ming'alu yake, pakuti kumuchotsa si masewera: fumbi lake limawononga mapapo, ndipo amafunika kunyowetsedwa n'kutsitsidwa wathunthu, osaswa kapena kucheka. Tikuti mwina chaka chamawa.

Mvula inagwa yamphamvu pakati pa Novembala. M'mawa tinaimba foni kufunsa. Amayi anati kumbuyo n'kouma, kutsogolo kwadontha pamodzi pokha, pafupi ndi kabati. Anati poto wabwerera kukhitchini, koma beseni lalikulu alisiya pansi pa bedi.