Kabokosi kachikasu m'wodi ya amuna

Ndinafika pachipatala cha m'boma lathu mbandakucha, anamwino ogona pantchito akusiyira anzawo amasana odwala. Pakhomo la wodi panali ndowa yampopi ndi sopo womangirira pachingwe. Ndowa zotere zinachuluka nthawi ya COVID-19 mu 2020, ndipo kolera amene anabuka ku Machinga mu Marichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 anazikhazikitsa pamakomo.

M'wodi ya amuna fungo la klorini linandichingamira. Asisitala ankayenda bedi ndi bedi ndi kangolo ka mankhwala, atavala apuloni yapulasitiki ndi magolovesi. Pansi pa kangoloko panali kabokosi kachikasu kamakatoni, kokhala ndi kabowo pamwamba. Akabaya jakisoni, singano inkagwera m'menemo pompopompo, osaibwezeranso chotsekera. Anandiuza kuti pobwezera chotsekerapo ndi pomwe ambiri amadzibaya, makamaka kukacha maso atalemera ndi tulo. Kabokosiko sakadikira kuti kadzadze. Kakatsala pang'ono, amakatseka.

Nanga singano ikalasa chala? Munthu amasamba pabalapo ndi sopo pamadzi oyenda, amauza mkulu wa wodi, amayezetsa magazi, kenaka amayamba mankhwala oteteza ku HIV otchedwa PEP pasanathe maola 72, n'kumwa masiku 28. Asisitala anati HIV ndiyo imatchuka, koma kachirombo ka matenda a chiwindi a hepatitis B n'kosavuta kutenga pasingano yomweyo, ngakhale kali ndi katemera.

Kuwodi ya chifuwa chachikulu mawindo onse anali pululu, chikhalirecho kunja kukuzizira. Wodikirira wodwala wina anafuna kutseka lapafupi ndi m'bale wake, koma anamwino, masiki ya N95 itawakanikiza pamphuno, anamuletsa mwaulemu: mphepo ndiyo imatulutsa tizirombo ta TB.

Ndinatulukira kuseri, komwe bambo wina wa jombo ndi magolovesi ochindikala ankaponya mabokosi achikasu m'ng'anjo yanjerwa. Sanatsegule ngakhale limodzi. Chitetezo cha manja ake chinali m'manja mwa asisitala aja, amene mwina sadziwa n'komwe dzina lake.

Ndikubwerera, ndinawapeza asisitala pandowa ija akutsuka pakati pa zala, ulendo wakunyumba kukasambitsa ana awo.