Kodyera ku Lilongwe: tsatirani anthu a mataye

Ndikafika ku Lilongwe ndi ndalama zowerengeka, ndimayang'ana komwe ogwira ntchito ku Capital Hill ndi City Centre akulowera 12 koloko ikakwana. Ambiri amathera pamsika wa Area 13, pomwe amayi amaphika nsima, ndiwo zake nkhuku yalokolo, chambo, nyemba ndi nkhwani wotendera. Mbale imodzi mumakhuta nayo mpaka madzulo.

Koma mufikeko msanga, ndiwo zabwino sizichedwa kutha. Funsani mtengo musanasambe m'manja, ndipo sankhani pomwe pali mzere, chifukwa pamenepo chakudya sichigona.

Kukada ndimalowera ku Bwandilo, ku Area 47, kukadya kanyenya wa mbuzi wothira tsabola wa kambuzi. Kumeneko nyama mumaloza nokha, n'kuidya ikadali yotentha.