Lethargic si ulesi

Mukalemba mawu akuti lethargic pa foni yanu n'kufunsa tanthauzo lake, mupatsidwa mndandanda wa mawu ofanana nawo: sluggish, drowsy, listless, ndipo penapake pamzerepo mupezanso lazy. Munthu wachangu amangotola lazy, poti ndi amene anamudziwa kale ku pulayimale, n'kunena kuti basi, nkhani yake ndi ya ulesi. Ine ndimaphunzitsa Chingerezi pasukulu ina ya sekondale yoyendera kuno ku Mchinji, ndipo chaka chilichonse ana a Fomu 3 amandiyankha chimodzimodzi. Lazy? Waulesi. Sluggish? Waulesi. Lethargic? Waulesi, sala. Pa mayeso mwina angatole nazo malikisi. Kunyumba yankho lomweli likhoza kugoneka mwana wodwala kwambiri pamphasa usiku wonse.

Sluggish ngosavuta. N'chidodo basi. Chinthu chikuyenda ndithu, koma mokwawa: madzi a mu Bua mwezi wa October, msika wa soya ogula akasowa, netiweki ya foni ukayandikira pa Mwami pomwe foni imasowa kuti igwire ya kuno kapena ya ku Zambia. Mawuwa ndi pachibale ndi slug, nkhono ija yopanda chigoba. Munthunso akhoza kukhala sluggish akakhuta nsima ya masana, ndipo palibe amene angamutengere kuchipatala.

Lazy ndi nkhani ina, chifukwa ndi chigamulo. Amene amanena mawuwa nthawi zambiri ndi yemwe akufuna kuti umugwirire ntchito. Azungu a minda ya ku Thyolo ndi ku Chiradzulu ankawanenera agogo athu amene ankazemba thangata. Mwini esiteti ya fodya amamunenera tenanti. Ndipo kwathu kuno kwa chikamwini, apongozi amamunenera mkamwini, kawirikawiri iye kulibe. Ukati munthu ndi waulesi, ukutanthauza kuti mphamvu ali nazo koma sakufuna. Mlandu wathera pomwepo, palibenso chofufuza.

Achemwali anga amakhala kumudzi kwathu, cha ku Mkanda, pamodzi ndi amayi. Amuna awo, alamu anga, ali ndi mbiri yawo pamudzipo. Ndinene chilungamo, mbiriyo sanangowasemera: bamboyu bawo amaikonda kuposa khasu. Ndiye tsiku lina mu February, mvula ili pakati, mwana wawo wamkazi wa zaka zitatu anadzuka osafuna kusewera. Phala anangolawa. Anzake akuthamangitsana pabwalo, iye anangokhala pakhonde atatsamira khoma. Amayi anamuyang'ana n'kuseka: "Ameneyu watengera bambo ake."

Thupi linali lofunda pang'ono, koma osati kotentha moopsa. Komanso mwanayu analandira katemera wa malungo, poti Mchinji inali m'gulu la maboma 11 amene anayamba kupereka katemerayu m'dziko muno mu 2019, ndiye pakhomopo anthu ankaona ngati za malungo zinatha. Katemerayu amachepetsa chiopsezo, sachichotseratu. Chakumadzulo achemwali anamubereka kupita naye kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo. Mlangiziyo anamuboola chala, anamuyang'ana m'manja, anamuitana dzina, anaomba m'manja pafupi ndi khutu lake. Kenako analemba m'buku la kusikelo n'kuwauza kuti apite kuchipatala chachikulu usiku womwewo.

Atafika kunyumba, nkhani inasanduka ya ndalama. Njinga yamoto usiku, msewu wamatope, mtengo wake si wamasewera, ndipo February ndi mwezi umene ngakhale mchere umagulidwa pangongole. Alamu anatenga bukulo, anaona mawu amene sankawadziwa, n'kuwalemba pa foni. Atangoona lazy pamndandanda paja anapsa mtima. Kwa iwo, miseche ya apongozi inali italowa mpaka m'buku la boma. Anati mwana agone, aona m'mawa.

Achemwali anajambula tsambalo n'kunditumizira pa WhatsApp. "Achimwene, inu odziwa Chizungu, tatiuzani. Akuti mwanayu ndi waulesi?"

Akazi anga ndi namwino, ndipo mawu amenewa kwathu amamveka kawirikawiri pa chakudya chamadzulo, nthawi zonse ndi nkhope yakugwa. Ndinawapatsa foni. Anangowerenga mzere umodzi n'kuimba pompo. "Alamu, musadikire kuti kuche. Nyamukani pano. Ndalama ya njinga tikutumiza pa foni." Ine monga malume wake wa mwanayo ndinalankhula ndi bambo ake, ndipo mawu anga sanali ofewa.

Kwa anthu a chipatala, lethargic ndi belu la ngozi. M'zaka za m'ma 1990, mabungwe a WHO ndi UNICEF anakonza ndondomeko yoonera ana odwala osakwana zaka zisanu, yotchedwa IMCI, yomwe Malawi amaitsatira. M'menemo muli zizindikiro zimene wachipatala amayamba kuyang'ana asanafunse china chilichonse: mwana akukanika kumwa kapena kuyamwa, akusanza chilichonse, wachita linjirinjiri, kapena ali lethargic mwinanso wakomoka kumene. Chimodzi chokha chikapezeka, mwanayo ndi wotumiza kuchipatala mwachangu. Ndipo lethargic wake amamufotokoza bwinobwino. Ndi mwana amene sali maso pa nthawi imene anayenera kukhala maso, wongowodzera, wosalabadira zomwe zikuchitika. Mayi ake akalankhula sawayang'ana. Nthawi zina maso ali otsegula koma akungoyang'ana kumodzi. Mwana waulesi, ngati alipo wa zaka zitatu, umuonetse sikono uone mmene adzukire. Mwana uyu ngakhale sikono saitembenukira.

Mawuwa anachokera ku Chigiriki. Lethe unali mtsinje wa m'nthano zawo, wa kudziko la akufa, ndipo womwa madzi ake ankaiwala zonse. Argos ndiye kukhala osagwira ntchito. Asing'anga awo akale ankatchula choncho matenda a kutentha thupi obwera ndi tulo tovuta kudzutsa. Ndiye kuyambira kale mawuwa ankanena za munthu amene thupi lamuthawa, osati amene wathawa ntchito.

Mdzukulu wa amayi uja anapezeka ndi malungo aakulu, magazi atachepa kwambiri. Tizilombo ta malungo timalowa m'maselo ofiira a magazi n'kuwaswa, ndipo maselo amenewa ndi amene amanyamula mpweya kupita ku ubongo ndi m'minofu. Shuga wa m'thupi nayenso amatha kutsika. N'chifukwa chake mlangizi uja anayang'ana m'manja: zikhatho zinali zitayera mbee. Anamuwonjezera magazi kuchipatala cha pa boma, ndipo patapita masiku angapo anatuluka. Amayi anabwera kudzamuona atanyamula nthochi. Za kutengera bambo ake sanazitchulenso, ngakhale za bawo ya alamu amazinenabe mpaka lero.

Chimene chimandisowetsa mtendere n'chakuti Chichewa sichosauka pa nkhaniyi. Tili ndi ulesi, inde. Koma tilinso ndi mphwayi, pamene mtima ndi umene wagwa ndipo munthu sakuona chifukwa choyambira. Tili ndi chidodo. Tili ndi kuzengereza. Ndiye pali mawu a thupi: kufooka, kulefuka, kulenguka, kulobodoka. Agogo akati "mwanayu walobodoka", palibe amene amafunsa ngati ndalama ya njinga ilipo, aliyense amadzuka. Anzathu a ku Chipata akati "nalema", sukuwamva ngati akudzinyoza. Mawu alipo ambirimbiri, koma ife achinyamata tawaunjika onse m'thumba limodzi. Timadzuka mutu ukulemera, mafupa akuphwanya, n'kulemba pa status kuti "lero ndikumva ulesi", kapena "ndili lazy heavy". Tikudziimba mlandu wa khalidwe pamene thupi likutiuza zina.

Ndipo si ana okha. Kafukufuku wa boma wa Malawi Demographic and Health Survey wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 63 mwa 100 alionse a miyezi 6 mpaka 59 anali ndi vuto la kuchepa kwa magazi, komanso amayi ndi atsikana 33 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49. Mayi mmodzi mwa atatu. Taganizirani mtengwa woyembekezera amene akupuma kawiri pochokera kumjigo, anthu a pamudzi n'kumanong'onezana kuti anakulira m'tauni. Kutopa kosatha kumabweranso ndi matenda a shuga, TB, HIV imene munthu sanayambe kumwera mankhwala, ngakhalenso matenda a maganizo, aja munthu amangodzitsekera m'nyumba osafuna kuonana ndi aliyense. Zonsezi zili ndi thandizo lake kuchipatala, ndipo zambiri zimadziwika ndi kadontho ka magazi. Waulesi weniweni amasankha: kumunda ayi, ku mpira wa Bullets ndi Wanderers ali patsogolo. Munthu akasiya ngakhale zimene amazikonda, pamenepo mpofunika kumuperekeza.

Kusukulu kwathu mawu akuti lazy amachuluka kumapeto kwa teremu, tikamalemba malipoti. Teremu yachiwiri imagwera nthawi ya njala, nkhokwe zili mbee, chimanga chisanache. Ana ena amayenda mtunda wa ola lathunthu m'mimba mulibe kanthu, ndipo ikamakwana 11 koloko mitu ili padesiki. Chaka chatha panali mtsikana wina wa Fomu 2, wanzeru zake, amene anayamba kugona m'kalasi pafupifupi tsiku lililonse. Mphunzitsi wamkazi atacheza naye pambali, zinadziwika kuti akamasamba amataya magazi ambiri kwa masiku ochuluka, ndipo ankachita manyazi kuuza aliyense. Kuchipatala anamupatsa mapiritsi owonjezera magazi, ndipo pofika teremu yachitatu anali atayambiranso kukweza dzanja.

Lipoti lake la teremu yachiwiri linali litadutsa kale m'manja mwa aphunzitsi angapo, ndipo awiri anali atalemba lazy. Ndinamufunsa mmodzi mwa iwo mu sitafu, tikumwa tiyi, ngati panalibe mawu ena. Anaseka. "Aphunzitsi, kabokosi ka ndemanga mwakaona kuchepa kwake? Lazy ndi zilembo zinayi. Lethargic wanuyo ndi zisanu ndi zinayi, akwana pati?"

Ndinatenga lipoti lopanda kanthu ndi bolopeni n'kuyesa pomwepo iye akuona. Anakwana, malo n'kutsalako oti n'kulembapo kuti makolo abwere tidzakambirane.