Dambo la mchere ku Titchwell

Mawondo anga anali atayamba kale kudandaula chaka chomwe mwana wanga ananditengera ku Titchwell, m'mphepete mwa nyanja ku Norfolk, m'dziko la England. "Bambo, njira yake ndi yosalala, kilomita imodzi yokha basi," anatero. Sananame. Koma tinatha maola awiri, poti benchi iliyonse ndinkayamba ndayipatsa moni.

Njirayo imayenda pamwamba pa khoma la dothi. Kumanja kuli mabango ndi madzi opanda mchere. Kumanzere kuli dambo lenilenilo, matope otuwa ong'ambidwa ndi timifuleni tokhotakhota, tomwe timadzaza nyanja ikakwera, ikabwerera n'kuphwa. Atsekwe akuda ochokera ku Siberia ankadya msipu akung'ung'udza ngati madoda pabwalo la milandu. Fungo la dambolo linandifikitsa ku Chilwa, kwathu, komwenso madzi ndi amchere.

Ine ndinakula ndikudziwa kuti dambo ndi lotchera ngalande n'kulimamo dimba. Angerezi nawonso ankaganiza choncho. Anamanga khoma, nalima. Usiku wa pa 31 Januwale 1953 nyanja inakwera ndi mkuntho, inapha anthu oposa 300 m'dzikomo, ndipo pa Titchwell inagumula khomalo n'kulanda munda wake. Bungwe loteteza mbalame la RSPB linagula malowo mu 1973.

Chomwe chinandiimitsa pakati pa njira ndi ichi: mu 2011 eni malowo anaboola okha khoma lina, dala, kuti madzi amchere alowe. Ndinaseka. Munthu n'kutsegulira fisi khola? Mdzukulu wanga, amene anali atawerenga chikwangwani, anandiwongola. "Agogo, funde likamadutsa m'maudzumo limatopa. Pofika pakhoma lam'katilo limakhala latha mphamvu." Madzi akakwera amasiyanso matope pamizu, ndipo dambolo limakwera pang'onopang'ono lokha, popanda wolilipira. M'timifuleni muja ndi momwe tiana ta nsomba timakulira tisanapite kunyanja.

Pobwerera tinagula kamasamba kotchedwa samphire, komera m'matope omwewo, kooneka ngati tizala tobiriwira. Kumeneko amangokafutsa n'kupaka batala. Mwana wanga anathiramo mchere mwachizolowezi, kuiwala kuti kamabwera ndi wakewake. Tinadyabe ndi nsima, tikumwera madzi, mdzukulu akugubuduzika ndi phwete.