Khadi la Khrisimasi ndi moni wa kwathu

Disembala akangolowa kuno ku Glasgow, mdima umagwa 4 koloko isanakwane, ndipo masitolo amadzaza ndi makhadi. Anthu a kuno ali ndi khadi la chilichonse: la tsiku lobadwa, la wodwala, la wofedwa, ngakhale la munthu amene wangosamukira m'nyumba yatsopano. Mwambowu ndi wakale ndithu. Khadi loyamba la Khrisimasi logulitsa linatuluka ku London mu 1843, patangopita zaka zitatu chiyambireni sitampa ya Penny Black, imene inatsitsa mtengo wotumizira kalata. Analiitanitsa ndi Henry Cole, analijambula ndi John Callcott Horsley, ndipo anasindikiza makhadi 1,000, lililonse pa sheleni imodzi.

N'chifukwa chake m'kalasi yathu yamadzulo, momwe ife alendo timanolera Chingerezi, aphunzitsi amatenga khadi ngati phunziro. Pamwamba dzina la wolandira, pakati mzere umodzi womufunira zabwino, pansi dzina lako. Basi kwatha. Anzanga a ku Sudan ndi ku Poland amamaliza msanga, koma dzanja langa limakana. Ndingalembere bwanji amayi anga aakulu osawafunsa za mwendo wawo uja, za adzukulu, za mvula, ndiponso ngati feteleza wapezeka?

Kwathu ku Dedza kalata sinkafika pakhomo. Mudzi wonse unkalandirira ku bokosi la sukulu kapena la tchalitchi, ndipo ahedi akaitana dzina lako pa asembule, unkathamanga nayo kunyumba itabisidwa m'kope kuopa mvula. Madzulo mwana wa Sitandade 7 ankaiwerenga mokweza pabwalo, agogo akumuimitsa kuti abwereze pomwe pali dzina lawo. Woiwalidwa pa moni ankadandaula mpaka kukolola. Makhadi nafenso tinkawadziwa, makamaka aja ofunirana mafuno abwino mayeso a MSCE akayandikira. Mawu ake anali a Chingerezi chosindikiza, koma m'mphepete monse tinkadzazamo Chichewa, ndipo kumbuyo kwake malume ankawonjezerako malangizo.

Sindikunyoza mwambo wa kuno, ayi. Mayi wachikulire amene tinayandikana naye nyumba amamangirira makhadi ake pachingwe pamwamba pa chitofu mpaka Januwale, ndipo amadziwa mwini wa lililonse. Chimene chimandiwawa n'chakuti khadi lake limalowera pakabowo ka chitseko changa mwiniwake osagogoda. Kwathu moni umayenda ndi miyendo: umaodira, amakuyalira mphasa, ndipo suchoka usanasambe m'manja. Pano ndikulemba, chimanga kumudzi chafika m'mawondo, mango akugwa okha, ana akuwerengera masiku oti adye mpunga wa nkhuku, ine ndili m'jekete ziwiri.

Abale anga amene muli kunja, kaya ku Leeds, ku Dublin kapena ku Johannesburg, ndalama timatumiza pafoni ndipo zimathandiza, koma uthenga wa WhatsApp umapita pamodzi ndi foni ikaonongeka, ndipo agogo sangausunge m'Baibulo lawo. Chaka chino gulani khadi, mulembe mzere wa Chingerezi uja monga anatiphunzitsira, kenaka mutchule aliyense wa pakhomo ndi dzina lake m'chinenero chathu. Likachedwa n'kufika mu Febuluwale, adzaliwerengabe pabwalo.