Ukagwira Botolo la Mafuta, Uyambe Wawerenga

Wokondedwa mwana wanga,

Bambo ako ndi azing'ono ako ali bwino, ndipo tonse tikuyamika Mulungu kuti wapeza malo ku koleji ya Bunda. Za maphunziro, ndalama ndi anyamata anakuuza kale azakhali ako, sindibwereza. Ine ndalemba pa nkhani imodzi yokha, ya khungu lako ndi dzuwa. Chibadwire chako ndine ndakhala ndikukutengera mafuta kuchipatala, ndine ndimawerenga za pa botolo, ndine ndimakuwa kuti "chipewa!" ukamatuluka. Uko kulibe wokukuwira. Komanso wasankha zaulimi, maphunziro a kumunda, kumene munthu wa khungu lachialubino sangalizembe dzuwa.

Mafuta a kuchipatala nthawi zina amasowa, ukudziwa. Likadzafika tsikulo udzalowa m'famase mu Lilongwe ndi ndalama zako, ndipo choyamba kukukopa chidzakhala nambala yaikulu yolembedwa pambali pa zilembo za SPF. Nambalayo imanena za mtundu umodzi wokha wa cheza cha dzuwa, wotchedwa UVB, umene umawaula khungu n'kulifiiritsa. SPF 15 imatchinga magawo pafupifupi 93 pa 100 alionse a chezacho, SPF 30 magawo 97, SPF 50 magawo 98. Palibe imene imafika pa 100. Iwe uzigula a 50 kapena 50+, ndipo thumba lithine bwanji usatsike pansi pa 30. Koma taona kuyandikana kwa 97 ndi 98. Wina asakunamize kuti poti wadzola nambala yaikulu ndiye ungatandale padzuwa tsiku lonse.

Pali cheza china, UVA, chimene sichiwotcha msanga koma chimalowa mkati mwa khungu, kulikalambitsa, ndipo nacho chimathandizira kuyambitsa khansa. Chimenechi chimadutsa ngakhale pagalasi, choncho mpando wa pawindo mu minibasi kapena m'kalasi uziusiyira ena ngati dzuwa lili mbali imeneyo. Kuti udziwe ngati mafuta amatchinganso UVA, ufufuze mawu akuti broad spectrum, kapena zilembo za UVA zili mkati mwa kamzere kozungulira, kapena PA yotsatana ndi timitanda titatu kapena tinayi. Ena ochokera ku South Africa amakhala ndi chidindo cha CANSA, bungwe lolimbana ndi khansa kumeneko. Botolo lopanda chilichonse mwa zimenezi ulibwezere pomwe walitenga, ngakhale litakongola bwanji.

Kuseri kwa botolo amalemba tizilembo tochepetsetsa, tovuta ngakhale kwa ife amene timaona bwino. Usachite manyazi. Jambula ndi foni, ukulitse chithunzicho, uwerenge mosathamanga wogulitsayo akudikira. Ndalama ndi zako. Ukapeza zinc oxide kapena titanium dioxide, mtima ukhale m'malo, chifukwa mafuta oterewa kawirikawiri sayabwa. Anthu akuda amadandaula kuti amatuwitsa nkhope, koma pa khungu lako saonekera kwenikweni. Ena amakhala ndi avobenzone ndi octocrylene, nawonso ndi abwino ndipo amalowerera msanga. Oxybenzone ndi zonunkhiritsa, zimene amalemba kuti parfum, zimatulutsa tiziphuphu anthu ena. Mafuta achilendo uyambe wayesa pang'ono mkati mwa mkono masiku awiri usanadzole kumaso.

Anzako a m'hositelo adzakhala ndi mafuta awo ndipo mwa chikondi adzakugawira. Vaseline ndi glycerine zimafewetsa khungu, sizitchinga dzuwa ngakhale pang'ono. Aja oyeretsa khungu, okhala ndi hydroquinone kapena mercury, usawayandikire. Ukapeza mpata uwauze atsikanawo kuti akuchotsa dala chitetezo chimene iwe umachisakasaka m'botolo.

Tsopano nali gwero lenileni la kalatayi: kuchuluka kwa mafuta amene umadzola. Nambala ya SPF amaipeza poyesa atapaka mamiligalamu 2 pa kachigawo ka khungu ka sentimita imodzi m'litali ndi m'lifupi. Kunena kwathu kuno, ndiye supuni yaing'ono ya tiyi yodzadza kumaso, m'khosi ndi m'makutu, ina pa mkono uliwonse, ina pa mwendo uliwonse ngati uli poyera. Anthu ambiri amadzola theka la mlingo umenewu, ena kuchepera apo, ndiye botolo lolembedwa 50 limawateteza mochepa kwambiri kuposa zimene lalonjeza. Ndikuudziwa mtima wako wosunga zinthu. Udzafuna kuti botolo limodzi likufikitse kumapeto kwa semesita, n'kumalidontheza ngati mafuta ophikira a kumapeto kwa mwezi. Ayi mwananga. Ngati ukufuna kuti mafuta akhalitse, chepetsa malo ofunika kudzola: malaya a manja aatali, siketi yaitali kapena thalauza, sokosi, ndi chipewa chakhonde, osati kepi imene imasiya makutu ndi khosi pamtetete. Pa kaunjika uziyamba wapenyetsa nsalu kudzuwa. Ngati kuwala kukudutsa mosavuta, chezanso chidutsa. Nsalu yolukana kwambiri ndi yoderako imateteza kuposa yopyapyala yoyera.

Uzidzola kutatsala mphindi 20 kuti utuluke, pa khungu louma, ndipo uzibwereza pakapita maola awiri alionse. Kumunda, kumene thukuta lili kamukamu ndipo ukudzipukuta ndi mpango, usadikire n'komwe maola awiriwo. Mawu akuti water resistant sakutanthauza kuti mafuta sachoka. Ena amaonjezera nambala 40 kapena 80, ndizo mphindi zimene amapirira m'madzi kapena m'thukuta. Malo amene umaiwala ndimawadziwa: nsonga za makutu, kumbuyo kwa khosi, kuseri kwa manja, pamwamba pa mapazi, ndi mlomo wam'munsi umene umasweka chaka ndi chaka. Wa pamilomo uzigula wolembedwa SPF nawonso.

Uziona deti lothera mphamvu. Pena amajambula kabotolo kotsekula chivindikiro ndi 12M, kutanthauza miyezi 12 kuchokera tsiku lotsekula. Kutentha kumawononga mafutawa, choncho usawaike pawindo, ndipo oyalidwa padzuwa mumsika usagule. Akayamba kulekana, madzi paokha phala palokha, kapena fungo likasintha, taya.

Dzuwa limalusa kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 4 koloko masana. Chithunzithunzi chako chikafupika kuposa msinkhu wako, funa mthunzi. Cha kumapeto kwa Okutobala ndi pakati pa Febuluwale dzuwa limadutsa paliwombo penipeni kumeneko, ndipo mitambo ya dzinja isakupusitse, cheza chambiri chimaiboola. Chisanu cha mu Juni nacho chimagoneka anthu tulo. Mphepo imazizira koma khungu limapsabe. Pa foni, pomwe amaonetsa zanyengo, pali UV index. Kuyambira pa 3 munthu ayenera kudziteteza, ndipo kwathu kuno nthawi yotentha imapitirira 11. Magalasi ako akhale olembedwa UV400. Akuda chabe opanda chizindikirocho n'zokongoletsa nkhope.

Sabata yoyamba yomweyo ukaonane ndi aphunzitsi oyang'anira ntchito za kumunda. Uwafotokozere mwaulemu, koma mosanyengerera, kuti gawo lako uzigwira mmamawa kapena dzuwa litapendeka. Sukupempha kuti akuchepetsere ntchito. Ukadwala, uziwauza adokotala kuti umakhala kumunda, chifukwa mankhwala ena monga doxycycline amachititsa khungu kupsa msanga.

Kamodzi pamwezi uzidziyang'ana thupi lonse, ndipo mnzako wodalirika azikuonera kumsana ndi kuseri kwa makutu. Kachilonda kosapola pakatha milungu itatu, kankhanambo kokhakhala kobwererabwerera pamalo amodzi, kapena kotupa kotuluka magazi, usakapake zamasamba, usadikire holide. Khansa ya pakhungu ikapezeka msanga imachizika, ndipo tizilonda toyambirira amatiumitsa ndi mankhwala ozizira kwambiri osachita opaleshoni. Chipatala cha Mitundu chili pafupi nawe, cha Kamuzu Central chili ndi madokotala a khungu, ndipo a bungwe la anthu achialubino la APAM angakulozere komwe mafuta akupezeka.

Ndakuikira mabotolo atatu pansi pa chikwama, mkati mwa chitenje chobiriwira. Ukangotsekula lomaliza, unditumizire uthenga tsiku lomwelo pa foni ya bambo ako kuti tiyambe kusaka ena asanathe.

Ndine mayi wako.